Matauni a kutali: Ballincollig, anagona m'chigawo, anadzuka mu mzinda

Sabata ino tili ku Ireland, pa tauni ya Ballincollig, makilomita pafupifupi 9 kumadzulo kwa mzinda wa Cork, m'mbali mwa mtsinje wa Lee. Pa 31 Meyi 2019 anthu a kuno anadzuka ali nzika za mzinda, osasamutsa ngakhale mpando umodzi. Anasuntha ndi malire.

Tauniyi inakula ndi wonga wa mfuti. M'chaka cha 1794 Charles Henry Leslie anatsegula fakitale ya wonga, ndipo asilikali a Britain anadzamanga kampu pafupi kuti aziilondera. Fakitaleyo inatsekedwa mu 1903. Mabwinja ake lero ali m'paki yaikulu momwe anthu amakawongolerako miyendo. Kampu ya asilikali inatsekedwa mu 1998, pamalopo n'kumera masitolo ndi nyumba. Pa kalembera wa 2016 munali anthu 18,621, ambiri a iwo ogona kuno koma ogwira ntchito mu mzinda.

Mkangano unayambira pomwepo. Malire a mzinda wa Cork anali atakhala osasintha chiyambire 1965, pamene mzindawo unali utasefukira kalekale. Khonsolo ya mzinda inkadandaula kuti anthu amadzaza misewu yake masana, koma misonkho ya masitolo ndi mafakitale a kumene amagona ikupita ku khonsolo ya chigawo cha Cork. Nayo khonsolo ya chigawo inkati ndalama za matauni onona ngati Ballincollig ndi zimene zimakonza misewu ya kumidzi yakutali. Mukatilanda ng'ombe ya mkaka, ana a kumudzi amwa chiyani? Funso limenelo silinali lopusa.

Chodabwitsa n'chakuti likulu la khonsolo ya chigawo, chinyumba chachitali cha County Hall, lili m'kati mwa mzinda womwe ankalimbana nawowo. A ku Lilongwe ndi ku Blantyre sangadabwe: nakonso ofesi ya DC ili m'tauni.

Mu 2015 komiti yotsogozedwa ndi Alf Smiddy inati makhonsolo awiriwa angophatikizana. Mamembala atatu a komitiyo anavomera, awiri anakana, ndipo makhansala a mzinda anakana ganizolo mwamtu wagalu, poopa kumezedwa. Mu 2017 gulu lina, pansi pa Jim Mackinnon wa ku Scotland, linanena zosiyana: makhonsolo akhale awiri, koma mzinda ukule. Atakokanakokana anagawana. Ballincollig, Blarney, Glanmire, Douglas ndi bwalo la ndege zinalowa mu mzinda. Little Island ndi Carrigtwohill, kodzala mafakitale, zinatsala m'chigawo. Ndi lamulo la 2019, mzinda unakula pafupifupi kasanu kufika masikweya kilomita 187, ndipo anthu ake anachoka pa 125,000 kufika pafupifupi 210,000. Zaulele panalibe: mzinda umalipira chigawo chipukuta misozi chaka ndi chaka.

Kwa ine, Ballincollig sinataye zambiri. Ngakhale inali yaikulu chonchi, inalibe khonsolo yakeyake, ndipo kuyambira 2014 mpaka 2019 inamangidwa mtolo umodzi ndi Carrigaline, tauni ya kummwera kwa mzinda yomwe sagawana nayo msika kapena tchalitchi. Chowalumikiza chenicheni ndi basi nambala 220, yomwe imadutsa pakati pa mzinda ndipo kuyambira 2019 imayenda usiku ndi usana. Basiyo inadziwa kale kumene moyo wa tauniyi umaloza, mapu asanavomere.

Komabe nkhawa ya anthu si yongopeka. M'chigawo anali tambala. Mu mzinda ndi dera limodzi chabe la kummwera chakumadzulo, kulimbirana makhansala 31 ndi madera ena onse. Dzenje la pamsewu, nyali yozima, chilolezo chomangira nyumba, zonsezi tsopano n'za ku City Hall, ndipo amene anazolowera khomo lakale anayenera kuphunzira latsopano.

Pa masewero pokha lamulo silinafikepo. Timu ya mpira wa chikhalidwe cha ku Ireland ya Ballincollig, yomwe inatenga chikho chachikulu cha Cork koyamba mu 2014, ikadali m'gawo la Muskerry limodzi ndi matimu a kumidzi.