Kadontho Koyera m'Mapapo: X-ray Imakaona Bwanji?

Mukawalitsa tochi pakhoma n'kuikapo dzanja, mumaona chithunzithunzi. X-ray imagwira ntchito chimodzimodzi, kungoti cheza chake n'champhamvu moti chimadutsa m'thupi. Anachitulukira ndi Wilhelm Röntgen wa ku Germany mu 1895, ndipo mu 1901 analandira nacho mphoto yoyamba ya Nobel ya Fizikisi.

M'mapapo muli mpweya wambiri, ndiye cheza chimangodutsa, pachithunzi n'kuoneka pakuda. Nthiti zili ndi calcium yemwe amatchinga cheza, n'chifukwa chake zimaoneka zoyera. Tsono kachotupa kakamera m'mapapo, kamaoneka ngati kadontho koyera pakati pa mdima. Madokotala amakatcha nodule ngati sikanapitirire masentimita 3.

Pamene pavuta ndi apa: khungu, nthiti, mtima ndi mapapo zonse zimasanjikizana pachithunzi chimodzi. Taganizani mitengo iwiri pa phiri la Ntchisi. Mukaima mbali ina imaoneka ngati umodzi, mukasuntha pang'ono mumaona kuti ndi iwiri. Kadontho nako kamatha kubisala kuseri kwa mtima kapena nthiti, ndipo nthawi zina nsonga ya bere imanamiza ngati chotupa. Ichi n'chifukwa chake amajambulanso cham'mbali, kapena kutumiza munthu ku CT scan, yomwe imapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kodi kadontho kalikonse ndi khansa? Ayi ndithu. Nthawi zambiri kwathu kuno chimakhala chipsera cha TB yomwe inapola kale. Ena mwa agogo amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ali ndi timadontho tobwera ndi fumbi la miyala. Komabe kwa munthu wosuta fodya, kadontho komwe kakukula si kokachedwa nako.

Akatswiri owerenga zithunzizi ndi ochepa m'Malawi muno. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti mapulogalamu a pakompyuta, monga CAD4TB, azithandiza kuunika TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Kompyuta imangoloza pokayikitsa, chotsimikiza ndi kuyeza makhololo.

Ndiye inu a ku Nachisaka, wina kwanu akatsokomola milungu iwiri osasiya, akuonda kapena kutuluka thukuta usiku, mulimbikitseni apite kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi. Asaope cheza: kujambula m'chifuwa kamodzi kukufanana ndi cheza chachilengedwe chomwe tonse timalandira m'masiku 10 basi. Mankhwala a TB ndi aulere, ndipo amachiza ukamwa miyezi 6 osadumphitsa.