Chilungulira musachibise mukamapita ku fiyeta

Ambirife chilungulira timachitenga ngati kavuto wamba. Wadya chipisi cha pachiwaya usiku, wagona, kenako pachifuwa pakuotcha, kukhosi kukubwera timadzi towawasa. Watafuna magnesium, basi yatha. Koma tsiku loti akuchiteni opaleshoni, kavuto kameneka kamakhala nkhani yaikulu kwa amene akukugonetsaniyo.

Zimakhala chonchi. Pomwe m'mero umalumikizana ndi chifu pali mnofu wogwira ntchito ngati chitseko: chakudya chikalowa, umatseka. Kwa munthu wa chilungulira chitsekocho sichitseka bwino, ndiye asidi amabwerera m'mwamba. Mukakhala maso si vuto kwenikweni, mumameza kapena kutsokomola. Mankhwala ogonetsa aja amazimitsa zonsezi. Munthu ali chagada, sangatsokomole, sangameze, ndiye zobwerera zija zitha kulowa njira ya mpweya mpaka m'mapapo. Asidi amawotcha mapapo, tizidutswa ta chakudya timatseka mpweya, ndipo mapeto ake amatha kukhala chibayo choopsa, ICU, ngakhale imfa. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika si zamasewera.

Vutoli si lachilendo ayi. Mu 1946 dokotala wa amayi oyembekezera ku New York, Curtis Mendelson, adalemba za amayi 66 omwe zam'mimba zidalowa m'mapapo mwawo pobereka, mwa amayi 44,016. Mpaka lero madokotala amalitchula ndi dzina lake. Amayi apakati akadali pachiopsezo kwambiri chifukwa mimba imakankha chifu komanso mahomoni amafewetsa chitseko chija. Enanso ndi onenepa kwambiri ndi odwala shuga kwa nthawi yaitali, omwe chakudya chimachedwa kuchoka m'chifu.

Nanga mukawauza amatani? Kuno kwathu ogonetsa odwala ambiri ndi ma clinical officer ophunzira ntchito imeneyi, ndipo ali ndi njira zingapo. Atha kukupatsani omeprazole usiku kapena m'mawa mwake kuti asidi achepe, mwinanso metoclopramide kuti chifu chikhuthule msanga. Pogonetsa amafulumizitsa: mankhwala othamanga, kenako kapaipi kum'mero wa mpweya kokhala ndi kabaluni kotseka njira kuti kalikonse kasadutse. Ena amakanikizanso pakhosi ndi zala panthawiyo, njira yomwe Brian Sellick wa ku London adafotokoza mu 1961, ngakhale akatswiri amatsutsanabe ngati imathandizadi. Ndipo ngati opaleshoni ili kumunsi, monga siza, nthawi zambiri amasankha jakisoni wa pamsana kuti mukhale maso ndithu.

Koma zonsezi zimadalira inu kunena zoona, ndipo apa ndi pomwe timalakwitsa. Lamulo lodziwika ndi maola 6 osadya chakudya chopepuka, 8 ngati munadya nyama kapena zamafuta, ndi maola 2 pa madzi oyera. Thobwa, maheu, phala ndi tiyi wamkaka si madzi oyera, anzanga, zimawerengedwa ngati chakudya. Ndiye kuli magadiyani achifundo aja, "kangomwani kaphala pang'ono, mungafooke." Chifundo chimenecho chitha kupweteketsa m'bale wanu. Chipatala chikakupatsani maola osiyana ndi awa, tsatirani achipatalawo.

Ngati mwadya kale, nenani. Inde atha kusuntha nthawi, mwina mpaka tsiku lina, ndipo zimawawa ukadikira miyezi pamndandanda. Komabe kudikira kuli bwino kusiyana ndi kudzukira pa makina opumira.

China chomwe ambiri sadziwa: magnesium trisilicate wotafuna uja musamwe panokha m'mawa wa opaleshoni. Ali ndi tinthu tosasungunuka tomwe tikalowa m'mapapo timawononganso. Akafuna kuthetsa asidi pompopompo amagwiritsa ntchito sodium citrate, yemwe ndi wamadzi.

Akamakufunsani mafunso tsiku lisanafike, auzeni kuti chilungulira chimabwera kangati pa sabata, ngati chimakudzutsani usiku, ngati chakudya chimabwerera mukawerama kapena kugona, ndi mankhwala onse omwe mumamwa, kuphatikizapo azitsamba ndi ogula pagolosale.