Kodi cithunzi ca ubongo cingatiuze ngati mwana adzacila?

Mwana akagundidwa ndi motoka kapena akagwa mu mtengo wa mango n'kuvulala kwambili m'mutu, makolo amafunsa kuti, "Adokotala, kodi adzacila?" Tiyeni tione mmene madokotala amapezela yankho.

Coyamba amaona mmene mwanayo akutsegulila maso, kulankhula ndi kugwedeza thupi. Muyeso umenewu, wochedwa Glasgow Coma Scale, anauyambitsa mu 1974 madokotala aŵili a ku Glasgow, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett. Umayambila pa 3 kufika pa 15. Mwana akapeza 8 kapena kucepelapo, ndiye kuti wavulala koopsa.

Kenako amajambula mutu ndi makina a CT. Makinawa ndi acangu, ndipo amaonetsa cigaza cosweka ndi magazi oundana ofunika opaleshoni mwamsanga. Koma ubongo ukagwedezeka mwamphamvu, timitsempha tonyamula mauthenga timaduka, ndipo nthawi zambili CT siionetsa zimenezi. Apa m'pamene MRI imathandiza. Imagwilitsa nchito maginito amphamvu, ndipo imaonetsa ngakhale timabala ting'ono-ting'ono. Imatenga nthawi yaitali, motelo kaŵili-kaŵili amaicita pakapita masiku, mwana atakhalako bwino.

Pa cithunzico madokotala amayang'ana kukula kwa bala ndi malo ake. Likakhala mkati mwenimweni, monga pa tsinde la ubongo limene limalamulila kupuma ndi kutsitsimuka, kapena pa mlatho wolumikiza mbali ziŵili za ubongo, kucila kumacedwa ndipo mwana angatsale ndi cilema. Kudziŵilatu zimenezi kumathandiza banja kukonzekela cisamalilo.

Komabe cithunzi si ciweluzo cothela. Ana aŵili a zithunzi zofanana angacile mosiyana, malinga ndi msinkhu wao, changu cimene anafikila kucipatala, ndi cithandizo ca pambuyo pake. Ndiponso ubongo wa mwana ukali kukula. Mavuto ena, monga kuiŵala-iŵala, kupsa mtima msanga ndi kulephela kusukulu, angaonekele patapita zaka. Mwana wotele tisamuche waulesi kapena wamwano. Tibwelele naye kucipatala, ndipo tiwafotokozele aphunzitsi ake.

Pomaliza, mwana akamenyetsa mutu ndipo akusanza mobweleza-bweleza, akugona mosadzuka bwino, akugwa khunyu, kapena akutuluka magazi kapena madzi m'khutu, tisayembekezele kuti kuce. Tithamangile naye kucipatala nthawi yomweyo.