KUTENTHA MTSEMPHA WA MSANA NDI MAGETSI: MADOTOLO SANAMVANEBE

Mwezi wa February chaka cha 2025 nyuzi ya madotolo ya ku Britain yochedwa BMJ inafalitsa mau amene anautsa mkangano waukulu pakati pa anthu ogwira nchito yochiza ululu. Bungwe la akatswiri a m'maiko osiyanasiyana, lotsogozedwa ndi Professor Jason Busse wa pa McMaster University ku Canada, linalangiza kuti anthu amene msana wao wakhala ukupweteka nthawi yaitali asamapatsidwe chithandizo chotentha mitsempha ndi magetsi, popeza umboni wa phindu lake ngwochepa. Komatu chithandizo chomwechi chakhala chikuperekedwa m'zipatala za ku America, ku Europe ndi ku Australia kwa zaka 50, ndipo alipo madotolo odziwika bwino amene akuchiteteza kolimba kufikira lero.

Mkangano umenewu sungathere m'mabuku a anthu ophunzira okha ai. Bungwe la zaumoyo la World Health Organization linalengeza kuti m'chaka cha 2020 anthu okwana 619 miliyoni anali kudwala msana, ndi kuti pofika chaka cha 2050 chiwerengerochi chingafike pa 843 miliyoni. Palibe nthenda yina imene imalepheretsa anthu ambiri kugwira nchito zao kuposa imeneyi. Munthu amene wamwa mankhwala zaka zitatu osapeza bwino, amene sagwiranso khasu kapena kukhala pa mpando ola lathunthu, akamva kuti kuli singano yothetsa ululu tsiku limodzi amafulumira kugulitsa chuma chake. Nchifukwa chake nkoyenera kuti awerengi adziwe chimene singano imeneyi imachita, ndi chimene siichita.

M'MENE NCHITOYI IMAYENDERA

Msana wa munthu ndi mndandanda wa mafupa osanjikizana, ndipo asanu a m'chiuno ndiwo amasenza katundu wolemera koposa. Chakumbuyo kwa fupa liri lonse kuli timfundo tiwiri, kena kumanzere kena kumanja, tolumikiza fupalo ndi linzake. Madotolo amatiitana kuti facet. Timfundo timeneti timatha ndi ukalamba, kapena kuvulala, monga m'mene bondo limachitira. Kamfundo kali konse kali ndi timitsempha tiwiri ting'onoting'ono, tosapyola chingwe cha nsapato kunenepa kwake, ndipo nchito yake ndiyo kutengera uthenga wa ululu ku ubongo. Apa mau akuti mtsempha sakunena za njira ya magazi, koma za njira ya uthenga.

Chithandizochi, chimene m'Chingerezi amati radiofrequency ablation, chagona pa ganizo limodzi losavuta: mthenga akaleka kuyenda, uthenga sufika. Wodwala amagona chafufumimba ali maso. Dotolo amabaya mankhwala adzanzi pakhungu, nalowetsa singano yaitali akuyang'ana pa makina a X-ray, mpaka nsonga yake itagona pa fupa pamene kamtsemphako kamadutsa. Kenaka amatumiza magetsi ochepa oyesera. Mwendo ukadumpha, ndiye kuti singano yayandikira mtsempha waukulu woyendetsa mwendo, ndipo iyenera kusunthidwa. Zonse zikakhala bwino makina amatulutsa magetsi othamanga uku ndi uko kokwana pafupifupi 500,000 pa sekondi imodzi, monga mafunde a wailesi. Magetsiwo amatenthetsa mnofu wozungulira nsonga ya singano kufika pa madigiri 80, kwa mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka. Kamtsemphako kamapsa, ndipo wodwala amabwerera kwao tsiku lomwelo.

Koma dotolo wosamala sayamba ndi kutentha. Chithunzi cha X-ray sichitha kuonetsa kamfundo kamene kakupweteka, pakuti anthu ambiri achikulire ali ndi timfundo totha koma samva ululu uli wonse. Tsono poyamba amabaya timadontho ta mankhwala adzanzi pa timitsempha timene akutikayikira. Ululu ukaleka kwa maola angapo, pamakhala chiyembekezo chakuti gwero lapezeka. Ukapanda kuleka, kutentha kulibe nchito. Awerengi asunge mfundo imeneyi, chifukwa mkangano wonse wa madotolo wagona pomwepa.

MPENI UMENE SUNAFIKE

Mbiri ya chithandizochi iri ndi nkhani yodabwitsa. Kale m'chaka cha 1911 dotolo wa ku Boston, Joel Goldthwait, anaganiza kuti timfundo timeneti tingathe kupweteketsa msana, ndipo m'chaka cha 1933 Ralph Ghormley anapatsa nthendayi dzina. Koma amene anagwedeza anthu ndi dotolo wina wa ku Australia, Skyrme Rees. M'chaka cha 1971 iye analemba kuti anali kulowetsa kampeni kakang'ono m'msana kukadula timitsempha timeneti, ndi kuti mwa odwala 1,000 amene anawachita chotero, 998 anapeza bwino. 

Dotolo wa ku America, Norman Shealy, anayesa njirayi koma anaona kuti mpeniwo unali kusiya magazi oundana m'kati mwa mnofu. Iye anausiya natenga singano ya magetsi, imene anzake anali atayamba kale kugwiritsa nchito pochiza ululu wa mtsempha wa kunkhope, ndipo m'chaka cha 1975 anafalitsa zimene anapeza. Apa mpamene chithandizo cha lero chinayambira.

Pambuyo pake anthu openda m'mene thupi linapangidwira anayeza kampeni ka Rees, nayezanso kuya kwa timitsemphato, ndipo anapeza kuti kampeniko sikanali kufika nkomwe pamene pali mitsempha. Kanali kungocheka mnofu wa pamwamba. Nanga anthu 998 aja anachira ndi chiani? Funso limeneli silinaleke kuvutitsa aliyense wofufuza za msana. Ululu wa msana umakwera ndi kutsika wokha, ndipo munthu amapita kuchipatala pa tsiku limene wafika poipa, kotero kuti masabata otsatira amaoneka abwino ngakhale atapanda kuchitidwa kanthu. Ndiponso munthu amene wabayidwa ndi dotolo wolimba mtima, m'chipinda chodzala ndi makina, amamvadi bwino kwa kanthawi. Sanama ai, ululu umatsikadi. Koma chautsitsa si mpeni.

Singano ya Shealy nayonso inapezeka ndi vuto. M'chaka cha 1979 Nikolai Bogduk wa ku Australia ndi Don Long wa pa Johns Hopkins ku America anaonetsa kuti malo amene madotolo anali kulasa sanali pamene mitsemphayo imadutsa kwenikweni. M'chaka cha 1987 Bogduk ndi anzake anaviika singano zotere m'choyera cha dzira ndi m'nyama yaiwisi kuti aone pamene pakupsa. Anapeza kuti kupsako kumazungulira m'mbali mwa nsonga, koma kutsogolo kwake sikupita patali. Tanthauzo lake nlakuti dotolo woloza mtsempha ndi nsonga, monga munthu woponya mkondo, angathe kuuphonya. Singano iyenera kugona motsatana ndi mtsemphawo. Kusiyana kwa mamilimita awiri kapena atatu kumalekanitsa nchito yabwino ndi nchito yachabe, ndipo wodwala, amene wagona chafufumimba, alibe njira yodziwira imene walandira.

ZIMENE KAFUKUFUKU WAPEZA

Otchinjiriza chithandizochi ali ndi umboni wao. M'chaka cha 1996 Susan Lord, Bogduk ndi anzao a ku Newcastle, ku Australia, anatenga anthu 24 opweteka khosi chifukwa cha ngozi za galimoto. Theka anawatenthadi mitsempha, theka anangowalowetsa singano osayatsa moto, ndipo odwalawo sanadziwe gulu limene anali. Kwa otenthedwa ululu unabwerera patapita masiku ngati 263. Kwa enawo unabwerera patapita masiku 8. Kusiyanaku nkwakukulu, koma linali khosi, osati chiuno, ndipo anthuwo anali owerengeka. M'chaka cha 2000 Paul Dreyfuss ku America anachita za m'chiuno. Anasankha odwala 15 okha, atawayesa kawiri ndi mankhwala adzanzi osiyana, ndipo patatha chaka 9 mwa iwo anali asakumva ululu pafupifupi wonse. Chimene chinasowa apa ndi gulu lina lofananitsa nalo.

Kafukufuku wamkulu anachitika ku Netherlands, ndipo anafalitsidwa m'nyuzi ya JAMA m'chaka cha 2017. Odwala 681 a m'zipatala 16 onse anapatsidwa masewera olimbitsa msana kwa miyezi itatu, ndipo theka la iwo anatenthedwanso mitsempha. Ululu unayezedwa pa mlingo woyambira 0 kulekeza 10, ndipo ofufuzawo anagwirizaniratu kuti kusiyana kwa phindu kukhale kosachepera 2. Pa odwala timfundo ta facet kusiyanako kunangokwana 0.18. Kunena kwina, singano sinaonjezere kanthu kooneka pamwamba pa masewera aja.

Madotolo ambiri obaya anakana zotsatirazi poyera. Anati odwalawo anayesedwa kamodzi kokha, ndipo aliyense amene ululu wake unatsika ndi theka analoledwa kulowa, chonsecho nzodziwika kuti kuyesa kamodzi kumanamiza kawirikawiri. Anatinso singano sizinagonekedwe m'njira imene Bogduk anaphunzitsa. Madandaulo amenewa ali ndi maziko. Komabe ofufuza a ku Netherlands anali kupenda nchito monga m'mene inali kuchitikira m'zipatala zao tsiku ndi tsiku, ndipo wodwala wamba amalandira nchito ya tsiku ndi tsiku, osati ya katswiri mmodzi wosankha anthu 15. Pa mkangano uwu mbali zonse ziwiri zikuvomerezana chinthu chimodzi osafuna: singano ikalasa munthu wosayenera, kapena malo osayenera, ndalama zapita pachabe.

Tsono malangizo a maiko sanafanane. Bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma ku England, linanena m'chaka cha 2016 kuti chithandizochi chingaganiziridwe pokhapokha njira zina zosang'amba zitalephera, ululu uli waukulu kufika pa 5 kapena kuposa, ndipo kuyesa kwa mankhwala adzanzi kutaonetsa gwero lake. Bungwe la Busse lija, patapita zaka zisanu ndi zinai, linati ngakhale kotero asachite.

CHIMENE SINGANO SIICHITA

Ngakhale nchito itayenda bwino, msana sunachire. Kamfundo kotha kaja kali chikhalire. Chimene chaleka ndi uthenga wokha. Ndipo mtsempha wopsa umaphukanso. Kwa ambiri opindula mpumulo umakhala wa miyezi 6 kufikira chaka, kwa ena kupyolapo, kenaka ululu umabwerera ndipo nchitoyo iyenera kubwerezedwa ndi kulipiridwanso. Banja limene likusonkha ndalama za ulendo wa mbale wao wodwala liyenera kuwerengera zimenezi lisanagulitse ng'ombe.

Zoopsa zazikulu sizichitika kawirikawiri. Pamalo pobayidwa pamawawa kwa masiku kapena masabata angapo, ndipo ena amamva kuyaka kapena dzanzi pakhungu. Nthawi zina, mwa apo ndi apo, pamalowa tizirombo kapena mtsempha wina umavulala. Palinso china chimene sichinenedwa kwambiri: kamtsempha kotenthedwako ndi komwenso kamalamulira mnofu wina wa m'kati wochirikiza msana, wochedwa multifidus, kotero kuti mbali ya mnofuwo imafooka kufikira mtsempha utaphuka.

Chachikulu kuposa zonsezi nchakuti misana yambiri yopweteka siyambira pa timfundo timeneti. Ululu wotsikira m'mwendo mpaka kuphazi kawirikawiri umachokera kwina, ndipo singano iyi siuthandiza. M'maiko amene chifuwa chachikulu chikadali chofala, monga m'chigawo chino cha Africa, kachirombo ka TB kamalowanso m'mafupa a msana nkumawadya pang'onopang'ono. Khansa nayo imafalikira ku msana. Munthu amene msana ukumupweteka usiku wonse, akuonda, akutentha thupi kapena kutuluka thukuta la usiku, amene miyendo ikufooka, kapena amene walephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi, sakusowa chozimitsa ululu. Ayenera kupimidwa msanga, pakuti TB ya msana imachizika ndi mankhwala, koma ikachedwa imapuwalitsa.

Kwa otsalawo, amene msana wao wapweteka kupyola miyezi itatu popanda nthenda yoopsa, World Health Organization inatulutsa malangizo ake mu December 2023. Inaika patsogolo kuphunzitsa wodwala za nthenda yake, masewera olimbitsa thupi otsogozedwa ndi odziwa, kusisita, uphungu wothandiza munthu kukhala ndi ululu popanda mantha, ndi mankhwala wamba ochepetsa kutupa. Inaletsa malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina, ndiponso mankhwala amphamvu a mtundu wa morphine. Wodwala amene wayesa zonsezi osathandizika, ndipo dotolo wamutchulira singano ya magetsi, ali ndi ufulu wofunsa kuti adzayesedwa kangati ndi mankhwala adzanzi asanatenthedwe, kuti ululu uyenera kutsika kufika pati kuti nchito ipitirire, ndiponso kuti adzalipira zingati mtsemphawo ukadzaphukanso.