MASAMU A NDALAMA ZA NSAWA

Mlimi wa nsawa ku Chipata alandira ndalama zace kamodzi pa caka, pamene agulitsa zokolola. Koma mcere, sopo ndi cigayo zifuna ndalama mwezi uli wonse. Cifukwa cace mwana wodziwa masamu ali wothandiza kwambiri pa nyumba.

Kale kuwerengera ndalama kunali kobvuta, pakuti makobiri 12 anapanga sheleni, ndipo masheleni 20 anapanga paundi. M'caka ca 1968 dziko la Zambia linayamba Kwaca ndi ngwee. Ngwee 100 zipanga Kwaca imodzi, motero nchito inapepuka.

Nayi nkhani yoyerekeza. Mlimi wina agulitsa matumba 12 a nsawa m'mwezi wa Juni, thumba liri lonse K400. Mwana wace acurukitsa 400 ndi 12, napeza K4,800. Asanagule kanthu, atate ndi mwana alemba zinthu zazikuru zosalephereka: mbeu ndi feteleza K1,500, zobvala ndi mabuku a sukulu K600, ndi K300 zosungira matenda. Poonkhetsa zonsezi apeza K2,400. Pocotsa ndalamazo pa K4,800, zitsala K2,400. Tsono mwanayo agawa zotsalazo ndi miyezi 12, ndipo mwezi uli wonse ulandira K200.

Koma mlimi akanyalanyaza masamuwa, namwaza K300 pa mwezi kuyambira Julaye, ndalama zidzatha m'miyezi 8, ndiko kuti pa kutha kwa Febuluwale. Imeneyo ndiyo nyengo ya njala, pamene nkhokwe zapepuka ndipo cimanga ca m'munda sicinakhwime. Pamenepo adzapita kwa munthu wa kaloba. Akakongola K200, nauzidwa kubweza K300, wataya K100, ndiyo theka la ndalama za mwezi wathunthu. Ena agulitsa mbuzi pa mtengo wocepa kuti abweze ngongole yotere.

Masamu sacurukitsa nsawa m'munda, koma aonetsa munthu tsiku limene ndalama zace zidzatha, lisanafike. Mwana wosunga kabuku kolembamo zolowa ndi zoturuka ateteza banja lace ku ngongole.

MAFUNSO

1. Kodi mlimiyo akadagulitsa matumba 15, akadalandira ndalama zingati?
2. Akamwaza K240 pa mwezi, K2,400 idzatha m'miyezi ingati?
3. Chulani zinthu zitatu zimene banja liyenera kupatulira ndalama lisanagule zina.