Kufunsa Mafunso kwa Chiwerengero Chachikulu

Pa kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'boma la Salima munali anthu 478,346. Mwana wa ku Senga Bay, amene amagawa mulu wa usipa mosaphonya, akaona chiwerengero chotere pabolodi amaweramitsa mutu. Inu amene mudzaphunzitsa masamu, ntchito yanu ndiyo kumchotsera mantha amenewo, pakuti chiwerengero chachikulu chimayankha bwino lomwe munthu akadziwa kachifunsidwe kake.

Funso loyamba ndi ili: kodi chikula motani? Munthu atati aziwerenga anthuwo, mmodzi pa sekondi iliyonse, osagona ndiponso osadya, angathe masiku asanu ndi theka.

Lachiwiri: kodi chigawika bwanji? Poyamba onani kumapeto kwake. Chithera ndi 6, chotero chigawika pawiri popanda chotsala, ndipo theka lake ndi 239,173. Pasanu sichigawika, popeza sichithera ndi 0 kapena 5. Panayinso ayi, chifukwa mazana onse agawika panayi, koma 46 wotsirizayo akana.

Tsono phatikizani manambala ake: 4, 7, 8, 3, 4 ndi 6. Mupeza 32. Mukagawa 32 ndi 9 patsala 5, ndipo chiwerengero chonsecho chisiyanso 5 yemweyo. Lamuloli musangolipereka kwa ana kuti aloweze; asonyezeni chifukwa chake. Asodzi asanu ndi anayi akagawana chambo khumi, patsala chimodzi. Akagawana 100 patsalanso chimodzi, ndipo pa 1,000 n'chimodzimodzi. Motero mazana atatu asiya 3, makumi anayi asiya 4. Pophatikiza manambalawo tingosonkhanitsa zotsalazo.

Palinso chinsinsi china. Phatikizani manambalawo molumpha limodzi limodzi: 4, 8 ndi 4 apanga 16, 7, 3 ndi 6 apanganso 16. Mbali ziwirizi zikalingana, chiwerengero chigawika ndi 11. Yesani pa theka lija: 239,173 kugawa ndi 11 ndi 21,743. Ameneyu agawikanso ndi 17, ndi kupereka 1,279, nambala imene sigawika ndi ina iliyonse koma 1 ndi iyo yokha. Choncho 478,346 ndiye 2 × 11 × 17 × 1,279. Euclid wa ku Alexandria anayala maziko a chiphunzitso chimenechi zaka zoposa 2,000 zapitazo: chiwerengero chilichonse choposa 1 chili ndi mizati yakeyake yosagawika, ndipo palibe china chokhala ndi mizati yomweyo.

Mukadzafika m'kalasi, lembani chiwerengero cha dziko lonse pa kalembera yemweyo, 17,563,749. Ana aphatikize manambala ake, apeze 42, ndipo anene okha ngati chigawika ndi 3 kapena ndi 9. Yankho musawauze msanga. Mwana amene walipeza yekha sadzaweramitsanso mutu.