Malata okha si nyumba, ana anga

 Lamulungu lino ndikulemba ndili kuno ku Chisenga, m'boma la Chitipa, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, komwe ikafika June chisanu chake chimalowa mpaka m'mafupa.

M'nyengo yozizira yapitayi mayi wina wachitsikana anandigogodera m'mamawa, mwana ali kumsana. Anthu kuno amadziwa kuti ndinali namwino, ndiye ngakhale ndinapuma ntchito amabwerabe. Mwanayo ankapuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati. Ndinati, “Mwanawe, usachedwe, ichi ndi chibayo, thamangira kuchipatala.” Mulungu ndi wabwino, mwanayo anachira.

Patapita masiku ndinapita kukamuzonda. Nyumba yake ndi yooneka bwino, malata atsopano mbee! Koma nditalowa, maso anayamba kundiwawa. Mazenera onse anawatseka ndi njerwa poti ndalama ya mafelemu inatha. Chifukwa cha kuzizira, amaphikira m'nyumba momwemo, mwana ali chigonere pambali pa moto. Nditafunsa kuchimbudzi, mayiyo anangoloza kuthengo mwamanyazi.

Ndiye lero tikambirane za nyumba, chifukwa zaka zonse zomwe ndinagwira ntchito m'zipatala zinandiphunzitsa kuti matenda ambiri a ana amayambira pakhomo.

Ambiri mumafunsa kuti, kodi boma silingatimangire? Boma lili ndi mbali yake ndithu. Bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 kuti lizimanga nyumba zobwereketsa ndi zogulitsa, koma nyumba zake zambiri zili m'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo ofuna nyumbazo ndi ochuluka kuposa nyumba zomwe zilipo. Bungwe la Habitat for Humanity lakhala likuthandiza mabanja osowa kumanga nyumba m'dziko muno kuyambira 1986. M'chaka cha 2014 boma linayambitsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, ija inatchuka m'midzimu, pomwe gawo lina la mtengo linali thandizo ndipo gawo lina inali ngongole yobweza.

Zonsezi ndi zabwino, koma sizinafikire aliyense. Ndipo ngakhale thandizo litakupezani, wokupatsani malata sadzabwera kudzakukumbirani chimbudzi. Imeneyo ndi ntchito yanu.

Choyamba, yambani ndi maziko. Achikulire akukumbukira zivomerezi zomwe zinagwedeza Karonga mu December 2009 n'kugwetsa nyumba zambirimbiri. Ife a ku Chitipa ndi oyandikana nawo. Zitachitika zimenezo, boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Funsani ku ofesi ya khonsolo musanayambe. Kumbani maziko akuya pamalo osadikha madzi, ndipo mmisiri aike lamba wa simenti ndi zitsulo pamwamba pa zitseko ndi mazenera kuti zipupa zigwirane. Bola zipinda ziwiri zolimba kusiyana ndi chinyumba cha zipinda zisanu chomwe chidzang'aluke mvula yachiwiri.

Chachiwiri, nyumba izipuma. Chipinda chilichonse chikhale ndi zenera lotseguka. Mpweya ukamayenda, chifuwa chachikulu sichifala msanga pakati pa anthu ogona pamodzi. Khitchini ikhale panja, ndipo ngati mungathe gwiritsani ntchito chitetezo mbaula, imadya nkhuni zochepa komanso utsi umachepa. Mwana akazizidwa mufunditseni, osamugoneka mu utsi. Usiku aliyense agone m'neti.

Chachitatu, chimbudzi chimangidwe musanasamukire m'nyumbamo, osati pambuyo. Chikhale ndi chivindikiro, chikhale kutali ndi chitsime ndiponso kumunsi kwake, ndipo pakhomo pake pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Musaiwale bafa, thandala la mbale ndi dzenje la zinyalala. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ambiri a iwo akanakhala moyo lero kukanakhala madzi abwino ndi zimbudzi.

Apa ndi pomwe nkhani ya nyumba imasanduka nkhani ya mudzi. Inu mukhoza kukhala aukhondo, koma ngati mnansi wanu akupita kuthengo, ntchentche sidziwa malire a pakhomo. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Pitani kumisonkhano ya komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Kumeneko ndi komwe amakambirana za mjigo, za mlatho, komanso za mayina a oyenera kulandira thandizo likabwera. Mukakhala chete, agogo olera ana amasiye adzatsala, thandizo n'kupita kwa amene ali nazo kale. Sonkhani ya mjigo mwezi ndi mwezi, musadikire kuti uwonongeke.

Kumbukiraninso mitengo. Uvuni umodzi wa njerwa umatha mitengo yambiri, ndipo madzi omwe timamwa kuno amachokera m'mapiri omwewa. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu pofuna kuteteza nkhalango. Inu pakhomo panu, mukadula mtengo umodzi bzalani ingapo. Zidina zoumbidwa bwino, pa maziko okwera ndi khonde lotchinga mvula, zimakhalitsa.

Chomaliza ndi chomwe chimandiwawa mtima kwambiri. Kuno mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna. Ndaona amayi amene anatunga madzi ndi kusenza njerwa zaka zambiri akuthamangitsidwa maliro a mwamuna atangotha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo, ndipo mwamuna ndi mkazi akhoza kulembetsa limodzi. Abambo, kulemba wilo si kudziitanira imfa ayi. Khalani pansi ndi akazi anu, abale anu ndi amfumu muli moyo, zinthu zimveke poyera. Inunso apongozi, mpongozi wanu ndi mayi wa zidzukulu zanu, musamuone ngati mlendo.

Mayi uja ndinamuonanso mwezi watha. Analowa banki m'khonde, ndipo atagawana ndalama anagula mafelemu awiri. Bambo wa kunyumbako anakumba chimbudzi ndi kumanga kakhitchini kaudzu kuseri. Mwana akuthamanga pabwalo, chifuwa chija chinatha.

Ndiye musadikire kuti wina adzakumangireni, ana anga. Yambani ndi chomwe muli nacho, pang'onopang'ono. Ngati muli ndi funso, ndilembereni kudzera kwa mkonzi. Tionane Lamulungu likubwerali.